Sukulu ikamatsegulira pa banja lachiyuda lomwe lili ndi mwana wofunika chithandizo chapadera: mafunso ndi mayankho

Ambiri a ife amene tinabwera ku England timadyera ntchito yosamalira anthu. Ena ali m'nyumba za okalamba, ena amaperekeza ana kusukulu pa minibasi, ena amakhala pambali pa mwana m'kalasi kuthandiza aphunzitsi. Mukakhala kumpoto kwa London, cha ku Golders Green, Hendon, Edgware kapena Stamford Hill, sipapita nthawi musanagogode pakhomo lomwe pafelemu yake, kudzanja lamanja, anakhomapo kabokosi kakang'ono kopendekera. Kabokosiko ndi mezuzah, ndipo kakukuuzani kuti eni nyumba ndi Ayuda. Kalembera wa 2021 anapeza Ayuda oposa 270,000 ku England ndi Wales, ochuluka a iwo ali ku London ndi Manchester.

Ndagwira ntchito m'makomo otere zaka zingapo, ndi ana ofunika chisamaliro chapadera. Chaka chilichonse Ogasiti akamapita kumapeto, anzanga oyamba kumene ntchito amandiimbira ndi mafunso omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano. Ena ndi a ife antchito, ena ndi omwe makolo eniakewo amalimbana nawo usiku ana atagona.

Tikunena ana ati?

Ndi ana osiyanasiyana zedi. Alipo a autism, amene phokoso, kuwala kapena kusintha kwa ndondomeko kumawabalalitsa. A Down syndrome. Ovutika kuwerenga ndi kulemba ngakhale ali anzeru. Osamva, osaona bwino, akhunyu, ndi oyendera njinga ya olumala. Wina amayankhula osapuma koma sangakhale pansi mphindi 5. Wina chibadwire sanatulutsepo liwu, koma amamva chilichonse chomwe mukunena pamaso pake.

Ena amafunsa ngati mavutowa ndi ochuluka pakati pa Ayuda. Autism ndi Down syndrome zili mu mtundu uliwonse. Alipo matenda ena akumtundu, monga Tay-Sachs, omwe amapezeka kwambiri mwa Ayuda amene makolo awo anachokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo n'chifukwa chake achinyamata ambiri amayezetsa asanalowe m'banja, kudzera ku mabungwe monga Jnetics. Koma ana ambiri omwe mudzakumane nawo alibe matenda amenewo.

Sukulu imatsegulira aliyense mu Seputembala. Chovuta n'chiyani kwa Ayuda?

Chovuta n'chakuti nthawi yomwe sukulu ikuyamba ndi yomwenso masiku akuluakulu a chipembedzo chawo amaunjikana. Choyamba ndi Rosh Hashanah, chaka chatsopano, masiku awiri. Pa tsiku la 10 la mwezi womwewo wa pa kalendala yachiyuda pamabwera Yom Kippur, lomwe owerenga Baibulo amalidziwa kuti Tsiku la Chitetezero. Patapita masiku 5 chimayamba Sukkot, chikondwerero cha misasa, chomwe chimatsekedwa ndi Shemini Atzeret ndi Simchat Torah. Zonsezi m'masabata atatu ndi masiku awiri okha. Kalendala yawo imatsatira mwezi wakumwamba, choncho masikuwa amasuntha chaka ndi chaka.

Taonani mmene zinalili mu 2025. Rosh Hashanah inali pa 23 ndi 24 Seputembala, Lachiwiri ndi Lachitatu. Yom Kippur pa 2 Okutobala, Lachinayi. Kenako masiku oyamba a Sukkot pa 7 ndi 8 Okutobala, kenakonso otsekera pa 14 ndi 15. Masiku onse 7 omwe Myuda wosunga mwambo sagwira ntchito kapena kupita kusukulu anagwera mkati mwa sabata. Komanso tsiku lachiyuda limayamba dzuwa likalowa, kotero dzulo lake sukulu zachiyuda zimaweruka msanga. Zikondwerero zikangotha, pasanathe masabata awiri kukubwera tchuthi cha pakati pa teremu, ndipo Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi akubwezedwa ola limodzi.

Mwana wina amangokondwa kuti lero kulibe sukulu. Koma mwana wa autism mtima umakhala m'malo zinthu zikamayenda mofanana: kudzuka nthawi yomweyo, basi yomweyo, mpando womwewo. Akangoyamba kuzolowera mphunzitsi watsopano, zonse zaima. Nyumba yadzaza alendo, chakudya chasintha, banja likudyera panja mu msasa wofolera ndi masamba kapena nsungwi, anthu akugona mochedwa. Pobwerera m'kalasi amakhala ngati akuyamba kumene. Pa banja lotere sukulu sitsegulira kamodzi, imatsegulira kanayi, ndipo aliyense wofuna kuthandiza ayenera kuyambira pomvetsa zimenezi.

Ndiye kukonzekera kumayamba liti?

M'mera mpoyamba. Kumayamba mu Juni kapena Julayi, aphunzitsi asanapite kutchuthi. Sukulu iliyonse ya boma ili ndi mphunzitsi woyang'anira za ana otere, yemwe amatchedwa SENCO, ndipo ndiye woyamba kumuona. Makolo amamupempha kuti mwana akaone kalasi yatsopano kulibe anzake: pomwe adzakhale, pomwe adzapachike jekete, chimbudzi, nkhope ya mphunzitsi. Amajambula zonsezi n'kuzimata m'kabuku komwe mwana aziona mu Ogasiti yense. Pa zithunzizo pasasowe cha alonda. Sukulu zachiyuda zimakhala ndi alonda pageti chifukwa cha ziopsezo za anthu odana ndi Ayuda, ndipo bungwe la CST limathandiza pa chitetezochi. Mwana woopa anthu achilendo ayenera kudziwiratu kuti bambo wovala jekete yowala uja ndi wabwino, komanso kuti tsiku lina belu lachilendo lidzalira poyeserera zangozi.

Masabata awiri omaliza ndi obweza nthawi yogona pang'onopang'ono, kuvala yunifolomu ndi nsapato zatsopano kunyumba, ndi kudula timapepala toyabwa ta m'khosi mwa malaya. Pafiriji pamamatidwa kalendala yazithunzi: basi pa tsiku la sukulu, makandulo awiri pa Shabbat (Sabata la Ayuda), apozi ndi uchi pa Rosh Hashanah, msasa pa Sukkot. Madzulo alionse mwana amachonga yekha tsiku lomwe latha n'kuona lomwe likubwera.

Mnyamata wina wa zaka 7 yemwe ndinkamusamala sankalola chilichonse kumukhudza kumutu. Kusukulu komwe ankapita anyamata onse amavala kippah, kachipewa kozungulira kaja, ndi tzitzit, kamalaya kamkati kokhala ndi zingwe m'makona anayi. Kippah yake tinkaipeza pansi pa sofa, tsiku lina m'makina ochapira. Titayang'anitsitsa tinaona kuti sankadana ndi chipewacho, ankadana ndi kachitsulo kopanira komwe kankamukoka tsitsi. Mayi ake anagula ina yaikulu yoluka, yofewa, yokhala yokha pamutu, ndipo tinayamba ndi mphindi imodzi, akudya bisiketi yomwe amaikonda. Tzitzit yaubweya inkamuyabwa, koma yathonje, yovala pamwamba pa vesiti, anailola. Zinatitengera mwezi wathunthu. Tsiku lotsegulira analowa pageti kippah ili pamutu ngati anzake onse, ndipo bambo ake anatsala ataima patsidya pa msewu mpaka geti litatsekedwa.

Chomaliza ndi pepala limodzi lofotokoza mwanayo: zomwe amakonda, zomwe zimamuopsa, mmene amasonyezera kuti akumva kupweteka, chomwe chimamukhazika mtima pansi. Likhale limodzi basi, poti mphunzitsi wa ana 30 sawerenga masamba 40 m'mawa wa tsiku loyamba.

Nanga chikalata chomwe aliyense amatchula, EHCP, n'chiyani?

Ndi chikalata chalamulo chofotokoza zosowa za mwana pa maphunziro, thanzi ndi chisamaliro, komanso thandizo lomwe khonsolo iyenera kupereka. Chinabwera ndi lamulo la Children and Families Act la 2014, ndipo chimatha kumutsatira munthu mpaka zaka 25. Kholo likhoza kulembera khonsolo lokha osadikira sukulu. Khonsolo ili ndi masabata 6 oyankha ngati ivomera kumuunika mwanayo, ndipo ntchito yonse imayenera kutha m'masabata 20, ngakhale kawirikawiri imadutsa pamenepo. Wopempha mu Ogasiti wachedwa kale pa teremu yoyamba. Chikalatachi chimaunikidwanso chaka chilichonse, ndipo mwana akamachoka ku pulayimale kupita ku sekondale, dzina la sukulu yatsopano liyenera kukhala litalembedwa pofika pa 15 Febuluwale. Makolo akakanidwa amakhala ndi miyezi iwiri yokadandaula ku bwalo lomva milandu yotere, SEND Tribunal. Uphungu waulere amaupeza ku bungwe la IPSEA ndi ku SENDIASS, ofesi yolangiza makolo ya dera lawo.

Chofunika kuyang'anitsitsa ndi kalembedwe. Mawu oti mwana "azithandizidwa pa kuyankhula" salonjeza kanthu. Palembedwe kuti ndi mphindi zingati, kangati pa sabata, ndi katswiri wanji. Zachiyuda nazo zilembedwe poyera: chakudya, kuweruka msanga Lachisanu, chilankhulo cha kunyumba. M'makomo ambiri a ku Stamford Hill ana amayamba ndi Chiyidishi. Mwana wotere akayesedwa m'Chingerezi chokha amaoneka wotsalira kuposa mmene alili, ndipo nthawi zina vuto lenileni limabisala poti aliyense akuti ndi chilankhulo chabe.

Ku America chikalata chofanana nacho ndi IEP, chomwe muzu wake ndi lamulo la 1975. Israel ili ndi lamulo lake la maphunziro apadera la 1988.

Mwana apite kusukulu yachiyuda, kapena kulikonse komwe kuli akatswiri?

Funso ili ndi lomwe limasowetsa makolo tulo. Kwa zaka zambiri ankayenera kusankha chimodzi: sukulu yodziwa kuphunzitsa mwana wawo koma yopanda chakudya cha kosher (chololedwa ndi malamulo achiyuda), yopanda Chihebri, yosadziwa za Shabbat, kapena sukulu yachiyuda komwe kuli abale ake koma palibe wodziwa chochita naye. Chava Lehman anayambitsa Kisharon mu 1976 pofuna kuthetsa vuto lomweli. Lero ili ndi sukulu ku Hendon, ndipo mu 2023 inaphatikizana ndi bungwe la Langdon n'kukhala Kisharon Langdon. Ku Stamford Hill kuli Side by Side, komwe ku nasale ana aulumali ndi anzawo amaphunzira pamodzi. Gesher inatsegulidwa mu 2017, ndipo imalandira ana ovutika pa kuyankhula ndi kucheza ndi anzawo. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Makolo ali ndi ufulu wotchula sukulu yomwe akufuna, koma khonsolo imatha kukana ikaona kuti siyoyenera mwanayo kapena kuti idya ndalama zambiri, ndipo milandu yambiri imayambira pamenepa.

Yankho limodzi la ana onse palibe. Koma musachepetse nkhani yokhala pakati pa anthu ako. Mwana amene waphunzira kusukulu nyimbo yomwe abale ake amaimba patebulo Lachisanu madzulo, n'kuimba nawo ngakhale mzere umodzi, wapeza chinthu chomwe sichilembedwa pa lipoti la teremu. Mbali inayi, dzina lachiyuda pageti si umboni woti mwana athandizidwa. Makolo afunse kuti katswiri wa kuyankhula amabwera kangati, mwana akabalalika amapita naye kuti, ndipo nthawi yopuma amasewera ndi yani.

Ngati ali pasukulu yomwe si yachiyuda, lamulo limalola kujomba pa masiku achipembedzo. Ndi bwino kupereka masiku onsewo molemba m'sabata yoyamba, kuti katswiri amene amabwera kamodzi pamwezi asaikidwe pa tsiku la Yom Kippur.

Zakudya zimayenda bwanji, poti ana ena amadya zinthu zowerengeka?

Malamulo a kosher amati nyama ndi zamkaka zisasakanikirane, ngakhale mbale ndi mapoto. Nkhumba ndi nsomba zopanda mamba n'zoletsedwa. Zakudya zam'mapaketi zikhale zovomerezeka, monga zokhala ndi chizindikiro cha KLBD. Sukulu zambiri zachiyuda zimawonjezera ake: kwina salola nyama m'kabokosi ka chakudya, kwina salola n'komwe chakudya chochokera kunyumba, ndipo mtedza ndi woletsedwa pafupifupi kulikonse. Tsono ganizirani mwana amene amadya zinthu zinayi zokha, ndipo chimodzi mwa izo chili pa mndandanda woletsedwa. Nkhani imeneyi ithe mu Julayi, molemba, osati pageti mwana ali ndi njala.

Pasukulu zina vuto limachokera pa chifundo. Mphunzitsi amapatsa mwana switi poyamikira kuti wakhala bwino, osadziwa kuti muli gelatine wa nkhumba, ndipo mwanayo sangathe kukana. Makolo anzeru amasiyira mphunzitsi kachitini ka maswiti ovomerezeka. Pa mankhwala ndi zakudya zodyetsera papaipi, banja limafunsa rabbi wawo, mtsogoleri wa chipembedzo, ndipo pomwe thanzi lili pachiswe lamulo limapereka mpata.

Kodi mwana wolumala amakakamizidwa kusala kudya? Nanga lipenga lomwe amaliza pa chaka chatsopano?

Ayi. Pa Yom Kippur akuluakulu amasala pafupifupi maola 25, osadya osamwa, koma udindowu umayamba mnyamata akakwana zaka 13, mtsikana 12. Ngakhale atadutsa msinkhuwo, pali mfundo yotchedwa pikuach nefesh, yoti kupulumutsa moyo kumaposa pafupifupi lamulo lina lililonse. Mankhwala a khunyu sadumphidwa chifukwa cha tsikuli. Ngati muli pa ntchito tsiku limenelo, mwana mumudyetse monga mwa nthawi zonse, ndipo dziwani kuti makolo ake pofika masana amakhala atafooka.

Lipengalo ndi shofar, nyanga ya nkhosa yamphongo. Limalira m'mawa m'mwezi wachiyuda wa Elul, womwe umatsogolera chaka chatsopano, ndipo sukulu zambiri zimaliliza pamsonkhano wam'mawa m'masiku oyambirira enieni a teremu. Pa Rosh Hashanah limalira ka 100 m'sunagoge. Kwa mwana woopa phokoso ndi chinthu choopsa. Njira yomwe ndaona ikuthandiza ndi kumupatsa nyangayo aigwire, ainunkhize, kenako aimve ikulira kutali iye ali m'nyumba woliza ali kumunda, ndipo pa tsikulo avale zotsekera m'makutu n'kuima pafupi ndi khomo. Amene sangathe kupita kusunagoge, anthu odzipereka amabwera kudzawalizira kunyumba. Simchat Torah nayo ndi ya kuvina ndi kuimba mokweza. Mphindi 10 zabwino zimaposa maola awiri othera m'misozi.

Chifukwa chiyani Lachisanu aliyense amakhala pa liwiro?

Shabbat imayamba dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka mdima wa Loweruka. Mu Disembala ku London dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, choncho m'nyengo yozizira sukulu zachiyuda zimaweruka masana, ndipo minibasi iyenera kusintha nthawi. Shabbat ikalowa, banja losunga mwambo siliyendetsa galimoto, siligwira foni, siliyatsa kapena kuzimitsa magetsi. Kwa mwana woyankhulira pa tabuleti imeneyi ndi nkhani yaikulu. Mabanja ena amakhala ndi makhadi azithunzi a tsikulo kapena amagwiritsa ntchito zizindikiro zamanja za Makaton. Ena rabbi amawalola kuti mwana asasiye chipangizo chake. Tsatirani zomwe banjalo linagwirizana.

Kunyamula zinthu kapena kukankha njinga mumsewu n'koletsedwanso pa Shabbat, pokhapokha dera litazunguliridwa ndi malire otchedwa eruv. Eruv ya kumpoto chakumadzulo kwa London itayamba kugwira ntchito mu 2003, ana oyendera njinga anayamba kupita kusunagoge ndi mabanja awo m'malo motsala pakhomo. Pakagwa zadzidzidzi foni imaimbidwa ngakhale pa Shabbat, ku 999 kapena ku Hatzola, ambulansi ya Ayuda odzipereka.

Kodi Chihebri sichimangomulemetsa mwana amene Chingerezi chikumuvuta kale?

Chimalemetsadi. Chili ndi zilembo 22, chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mavawelo ake ndi timadontho ndi timizere, tambiri pansi pa zilembo. Mwana wosokoneza zilembo amakhala ndi njira ziwiri zosemphana m'mutu umodzi. Aphunzitsi abwino amayamba ndi chimodzi, n'kulola kuti mapemphero alowe kudzera m'nyimbo kaye. Bar mitzvah, mwambo wa mnyamata akakwana zaka 13, nayo imasinthidwa molingana ndi mwana: wina amawerenga mzere umodzi, wina amanena dalitso, wina amangotsegula kabati yosungira mipukutu ya Torah (mabuku asanu a Mose), mpingo wonse utaimirira.

Aphunzitsi achiyuda amakonda vesi la Miyambo 22:6, lomwe m'Chihebri amalimva kuti mwana aphunzitsidwe molingana ndi njira yake ya iye mwini. Mu Talmud, buku la ziphunzitso za arabbi akale, mulinso nkhani ya Rabbi Preida, yemwe anali ndi wophunzira womva mochedwa ndipo ankamubwerezera phunziro lililonse ka 400. Tsiku lina wophunzirayo sanamve, poti mtima unali m'mwamba kuopa kuti mphunzitsi anyamuka, ndipo Rabbi Preida anakhala pansi n'kubwerezanso ka 400 kena.

Ndani amathandiza mabanjawa?

Apa Ayuda analimbapo, ndipo anayamba kalekale. Norwood, yomwe mbiri yake imayambira mu 1795, imathandiza ana ndi akulu a autism ndi ovutika kuphunzira pamodzi ndi mabanja awo. Camp Simcha imaima ndi mabanja a ana odwala kwambiri. Jewish Deaf Association imathandiza osamva. Ku Manchester kuli The Fed. Friendship Circle, yomwe Rabbi Levi ndi Bassie Shemtov anayambitsa ku Michigan mu 1994 n'kufalikira m'maiko ambiri, imatumiza achinyamata odzipereka kukacheza ndi mwana sabata iliyonse, osati ngati antchito koma ngati anzake. Ku Jerusalem kuli Shalva, yomwe Kalman ndi Malki Samuels anayambitsa mu 1990 mwana wawo atasiya kuona ndi kumva, komanso Yad Sarah yobwereketsa njinga ndi zipangizo zachipatala. Kuyambira 2009, mwezi wa Febuluwale masunagoge ambiri amaupatula kuti akambirane za anthu aulumali.

Pansi pa mabungwe akuluakuluwa pali gemach, dongosolo lobwereketsa zinthu kapena ndalama popanda chiwongoladzanja. Mayi wina amasunga mayunifolomu m'chipinda chake, wina mipando yapadera ya m'galimoto, wina zidole zophunzitsira. Mwana akagonekedwa m'chipatala, amayi a m'dera amagawana masiku ophikira banjalo. Boma nalo lili ndi gawo lake: ndalama za Disability Living Allowance kwa ana osakwana zaka 16, ndi maola opumitsa makolo omwe khonsolo imayenera kukonza.

Komabe ndanena kale kuti sukulu imatsegulira kanayi. Thandizo limachuluka m'masiku achikondwerero, mitima ya anthu ili yofewa. Lomwe limasowa ndi la Lachiwiri wamba la mu Novembala, mdima utagwa 4 koloko, mwana atabwera kusukulu atabalalika, mayi ali ndi ana ena anayi ofuna homuweki ndi chakudya. Wodzipereka amene amabwera ola limodzi sabata iliyonse osaphonya amathandiza kuposa khumi obwera kamodzi ndi mphatso.

Kodi nawonso amabisa ana awo?

Alipo amene amatero, ndipo sitiyenera kudabwa, poti kwathunso tikudziwa ana otsekeredwa m'nyumba chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Kwathu ena amanamizira ufiti. M'madera achiyuda osunga mwambo kwambiri, mantha aakulu ndi a shidduch, dongosolo lopezera achinyamata banja, pomwe anthu amafufuza mbiri ya banja lonse. Makolo ena amaopa kuti dzina la matenda likamveka, ana awo ena adzavutika kupeza wokwatirana naye, ndiye amachedwa kukayezetsa mwana. Kuchedwako kumamudyera zaka zomwe akanaphunzira msanga. Zinthu zasintha kwambiri, makamaka chifukwa cha makolo omwe anakana manyazi n'kuyambitsa sukulu, koma manthawo sanatheretu. Ndiye zomwe mwaona m'nyumba ya eni zitsale momwemo. M'madera amenewa anthu amadziwana onse.

Musaiwalenso abale ake a mwanayo. Nawonso akuyamba kalasi yatsopano, ndipo kawirikawiri ndi amene amauzidwa kuti adikire. Kumutenga mwana wolumala kupita naye kupaki kwa ola limodzi kuti mayi akhale ndi mlongo wake yekha ndi ntchito yeniyeni.

Ine ndili ku Johannesburg. Zimenezi zikundikhudza?

Zambiri, inde. Ayuda a ku South Africa alipo pafupifupi 50,000, ochuluka ali ku Johannesburg, m'madera monga Glenhazel, Sydenham ndi Sandringham, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda. Kusiyana kwake n'kwakuti sukulu imatsegulira mu Januwale, choncho zikondwerero zija zimagwa chaka chikupita kumapeto, mayeso akuyandikira. Chevrah Kadisha, yomwe inayamba mu 1888, ndiyo imayendetsa Selwyn Segal ku Sandringham, nyumba ya anthu aulumali. Sukulu za King David zinatsegula King David Ariel ya ana ovutika kuphunzira, ndipo Hatzolah iliko. EHCP kulibe, koma za kosher, za Shabbat ndi za shofar n'zomwezo.

Sindine Myuda, ndalembedwa ntchito yothandiza mwana wotere. Ndichite chiyani sabata yoyamba?

Safunsa anadya phula. Funsani mbale, masipuni ndi sinki za nyama ndi za mkaka; nthawi zambiri zofiira ndi za nyama, zabuluu ndi za mkaka, koma nyumba iliyonse ili ndi dongosolo lake. Kamba wanu musamutenthetse mu mayikulowevu yawo musanapemphe. Mukalakwitsa nenani pomwepo, musabise supuniyo. Njira yokonzera ilipo. M'makomo osunga mwambo kwambiri amuna ndi akazi osakhala pachibale sapatsana moni wamanja, ndipo si chipongwe. Valani modzilemekeza. Mabanja ena amafuna kuti wosambitsa mwana wamkulu akhale wamwamuna kwa mnyamata, wamkazi kwa mtsikana. Chikalata chanu cha DBS, chosonyeza ngati munapalamulapo mlandu, chikhale chokonzeka. Ngati ndinu wopemphera, mupempherereni mwanayo mumtima, koma musamulalikire kapena kumuphunzitsa nyimbo zakutchalitchi. Makolo anakupatsani mwana amene sangathe kukutsutsani. Phunzirani timawu: "Shabbat shalom" kapena "Gut Shabbos" Lachisanu, "Shana tova" pa chaka chatsopano. Mwana akamalira "Ima" kapena "Abba" akuitana mayi kapena bambo.

Khalani ndi kabuku koyenda pakati pa nyumba ndi sukulu: wagona maola angati, wadya chiyani, chamukwiyitsa n'chiyani. Ndipo ngati simubwera, nenani msanga kuti mwana akonzekeretsedwe.

Chaka china ofesi yokonza za mayendedwe inasintha woperekeza ana pa minibasi osauza banja. M'mawa wa tsiku lotsegulira, mtsikana amene tinamukonzekeretsa mwezi wonse anatuluka bwinobwino, chikwama kumsana. Chitseko cha minibasi chitatseguka anaona nkhope yachilendo, n'kukhala pansi mumsewu, manja atatseka makutu. Woperekezayo anali munthu wabwino, nayenso sanauzidwe kanthu. Minibasi inadikira mphindi zingapo n'kupita. Tinakhala naye pansi pomwepo mpaka anadzuka yekha, ndipo zinatenga masiku 4 kuti akwerenso, pomwe Rosh Hashanah inali itayandikira kale. Chaka chotsatira mayi ake anayamba kuimba foni kumayambiriro kwa Ogasiti mpaka anapatsidwa dzina la woperekeza. Anamupempha kuti adutse pakhomo kudzapereka moni, tinamujambula ataima pafupi ndi minibasi, ndipo chithunzicho chinakhala pafiriji, pambali pa cha apozi ndi uchi, masabata awiri sukulu isanatsegulire.